Makina atasowa anatola singano: mmene Joni inaumbira luso la Billie Zangewa

Palibe sukulu ya pulayimale ku Thuchila ndi midzi yozungulira imene ilibe mwana wodziwa kujambula. Aphunzitsi amamudziwa, poti ndi amene amamuitana kuti ajambule mapu a Malawi kapena mtima wa munthu pa bolodi. Anzake amamudziwanso chifukwa amawajambulira phiri la Mulanje pachikuto cha kope, mwina posinthana ndi chigumu kapena nzimbe. Kunyumba ndiye nkhani imakhala ina. Makolo amachiyang'ana chithunzicho, n'kuyamikira ndithu, kenako n'kufunsa funso lakalekale lija: “Koma zojambulazi udzadya?”

Funsoli si lachipongwe ayi. Kumudzi ntchito za wojambula n'zowerengeka: kulemba dzina pa golosale, kujambula mitu yometedwa bwino pakhoma la babashopu, kukonza chikwangwani cha tchalitchi kapena cha sukulu ya mkaka. Zikatha zimenezi, mnyamata kapena mtsikana uja amakaima pamsewu wa Midima kudikira minibasi ya ku Limbe. Ena saimira pomwepo, amapitirira mpaka ku Joni.

Nanga tauni imamutani munthu waluso akafikako? Imamupatsa chiyani, ndipo imamulanda chiyani? Yankho lina tingalipeze pa moyo wa Billie Zangewa, mayi amene anabadwira ku Blantyre mu 1973 ndipo lero zithunzi zake zimaonetsedwa ku Paris, London ndi New York. Kusukulu iye anaphunzira kudinda zithunzi. Chimene anatchuka nacho ndi singano, ulusi ndi nsalu ya silika. Pakati pa ziwirizi pali mizinda ingapo, ndipo uliwonse unamukankhira kwake.

Kudinda zithunzi n'kutani?

Aliyense amene anakatengapo kalata kwa amfumu kapena ku ofesi ya boma akuchidziwa chidindo. Amachinyowetsa mu inki, n'kuchikanikiza papepala, ndipo zolemba zomwezo zimatuluka kambirimbiri. Luso lodinda zithunzi limayenda chimodzimodzi, kungoti chidindocho amasema yekha mwini luso, ndipo chimene chimatuluka ndi chithunzi chopachika pakhoma.

Njira zake zilipo zingapo. Yakale kwambiri ndi yosema pathabwa. Munthu amajambula pathabwa losalala, n'kugoba malo onse amene akufuna kuti adzatuluke oyera. Pamwamba potsalapo amapakapo inki, amayalapo pepala, n'kukanikiza. Njira ina yofanana nayo ndi linocut, pomwe m'malo mwa thabwa amasema pa lino, chinthu chofewa chimene ena amayala pansi m'nyumba. Palinso etching: chithunzi amachikanda pa chitsulo cha mkuwa kapena cha zinki chopakidwa phula, n'kuchiviika mu asidi kuti adye mizere yokandidwayo. Inki imalowa m'mizeremo, ndipo kuti ituluke papepala pamafunika makina olemera okhala ndi zogudubuza zachitsulo. Yodziwika kwambiri kwathu kuno ndi yodinda ndi sefa, imene anyamata a ku Limbe ndi Ndirande amadindira matisheti a makwaya, a maukwati ndi a matimu a mpira.

Pali zinthu ziwiri zimene wodinda aliyense amaphunzira msanga. Choyamba, podinda ndi thabwa, lino kapena chitsulo, chithunzi chimatuluka chotembenuka ngati pagalasi, choncho wolemba dzina pathabwa amayenera kulilemba chobwerera. Chachiwiri, mtundu uliwonse umadindidwa pawokha. Ngati chithunzi chili ndi chikasu, chofiira ndi chakuda, pepala limodzi lomwelo limadindidwa katatu, ndipo mitunduyo iyenera kugwera pamalo pake ndendende. Wodinda amazolowera kuona dziko ngati zigawozigawo za mitundu zoyalidwa china pamwamba pa chinzake. Mfundo imeneyi muisunge, tidzaifuna kutsogoloku.

Akamaliza, amalemba manambala ndi pensulo m'munsi mwa pepala lililonse. Mukaona 3/20, ndiye kuti chithunzicho n'chachitatu mwa 20 zimene anadinda, ndipo sadzadindanso china. Ichi n'chifukwa chake zithunzi zodinda zimatsika mtengo poyerekeza ndi chithunzi chopenta chimene chilipo chimodzi chokha, komabe zimakhala zaulemu wake.

Ngakhale chitenje chimene amayi avala lero ndi ntchito yodinda. Nsalu ya Mulhako wa Alhomwe imene imadzaza pa Chonde mwezi wa Okutobala, nsalu za zipani ndi za mipingo, zonsezi zinayamba ndi munthu wojambula, kenako makina anadinda mtundu umodziumodzi. Fakitale ya Mapeto David Whitehead ku Blantyre ndi imodzi mwa malo amene ntchito yotereyi imachitika.

Luso lokonda tauni

Wopenta akhoza kunyamula burashi ndi penti wake m'thumba n'kukakhala paliponse. Wodinda sizimutheka chotero. Makina a etching ndi olemera ndiponso odula, asidi ndi inki yake sizipezeka m'golosale, pepala lake ndi lapadera. Munthu mmodzi payekha sangakwanitse, paja mutu umodzi susenza denga. N'chifukwa chake odinda amasonkhana pamalo amodzi n'kumabwerekana makina, ndipo malo oterowo nthawi zambiri amakhala m'tauni, kumenenso kuli ogula.

Johannesburg ndi chitsanzo chabwino. M'nthawi ya tsankho, pamene anthu akuda sankaloledwa m'sukulu zambiri zaluso, mumzindawu munali malo otchedwa Polly Street Art Centre. Kuyambira mu 1952 ankawatsogolera ndi Cecil Skotnes, katswiri wosema zithunzi pathabwa, ndipo pamalowa panadutsa amisiri monga Sydney Kumalo. Mu 1991, tsankho likupita kumapeto, Kim Berman anabwerera kwawo kuchokera ku Boston ku America atatenga makina odindira, ndipo iye ndi Nhlanhla Xaba anatsegula Artist Proof Studio, malo amene achinyamata osauka ankaphunzirako kudinda. Mu Malichi 2003 malowa anapsa ndi moto, ndipo Xaba anafera momwemo. Anzake sanagwe ulesi. Anatseguliranso pamalo ena m'dera la Newtown, ndipo sukuluyi ikuphunzitsabe mpaka lero.

Sikuti kumudzi sikungatuluke odinda. Ku Rorke's Drift, dera la kumudzi ku KwaZulu-Natal, mpingo wa Lutheran mothandizana ndi banja la ku Sweden la Peder ndi Ulla Gowenius unayambitsa malo ophunzitsira zaluso m'zaka za m'ma 1960. Kumeneko kunatuluka Azaria Mbatha ndi John Muafangejo wa ku Namibia, amene zithunzi zawo za linocut zakuda ndi zoyera zinafika m'mayiko ambiri. Koma taonani chimene chinachitika: panapezeka anthu amene ananyamula zida, aphunzitsi ndi njira yofikira kwa ogula n'kupita nazo kumudziko. Zinthu zitatu zimenezi zikasowa, wodinda amakhala ngati mlimi wopanda khasu.

Kuchoka ku Blantyre mpaka ku Gaborone

Izi ndi zimene zinamuchitikira Billie Zangewa. Bambo ake ndi Mmalawi, mayi ake ndi a ku South Africa, ndipo ali mwana banja lawo linasamukira ku Botswana, kumene anakulira. Iye wakhala akusimba kuti ali wamng'ono ankaonerera mayi ake ndi anzawo akusoka pamodzi, monga mmene amayi a kumpingo amachitira kwathu kuno. Nthawi imeneyo kusoka kunali chabe ntchito ya amayi yapakhomo, palibe amene ankakuwerengera ngati luso lopita nalo kutali.

Atamaliza sekondale anapita ku Rhodes University, m'tauni ya Grahamstown imene pano ikutchedwa Makhanda, kumene anaphunzira zaluso makamaka kudinda zithunzi. Anamaliza mu 1995. Kusukuluko zonse zinalipo: makina, inki, mapepala, aphunzitsi. Atabwerera kwawo ku Gaborone ndi digiri m'manja, anapeza kuti makina aja atsala ku yunivesite. Analibe chipinda chogwirira ntchito, analibenso ndalama zogulira zida.

Apa ndi pamene ambiri amasiyira. Digiri imalowa m'sutikesi, munthu n'kukafuna ntchito ina iliyonse. Billie anayang'ana chimene chinali pafupi, ndipo chinali nsalu, singano ndi ulusi. Anayamba kupeta maluwa ndi nyama za ku Botswana pa tizidutswa ta nsalu. Ntchito imeneyi sinkafuna magetsi, asidi kapena lendi ya chipinda. Ankatha kuigwira atakhala pampando, n'kuipinda, n'kuisunga m'chikwama.

Joni inamupatsa choti ajambule

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anasamukira ku Johannesburg. Monga aliyense wofika kumene, anayamba ndi kufuna chakudya cha lero. Anagwira ntchito m'makampani a zovala ndi otsatsa malonda, kwinaku akusoka panthawi yake yopuma.

Mzindawu unali ukusintha. Ulamuliro watsankho unali utangotha mu 1994, makampani ambiri ankachoka pakati pa tauni kupita ku Sandton, ndipo anthu akuda ochokera m'makomboni ndi m'mayiko ena a mu Africa ankadzaza m'misewu imene kale ankayendamo ndi chitupa. Billie ankayenda m'misewu imeneyi wapansi ndi pa minibasi, maso ali m'mwamba. Chimene chinamugwira mtima ndi nyumba zosanja zamagalasi, mmene zimasinthira mtundu dzuwa likamayenda.

Ndiye anakumana ndi silika wa mtundu wa dupion, wokhakhala pang'ono, amene amanyezimira mosiyana malinga ndi kumene kuwala kukuchokera. Poyamba ankangotola tizidutswa tating'ono tija timene masitolo a nsalu amapereka ngati chitsanzo. Atatiyala pamodzi anaona kuti tikufanana ndi mawindo a nyumba zosanja zija. Maluwa ndi nyama za ku Botswana zinatsala m'mbuyo, ndipo pansalu yake panayamba kuoneka misewu, zikwangwani ndi nyumba za mu Joni.

Zithunzi zoyambazo ankazisokera pa tizikwama ta m'manja ta amayi. Mu 2004 tizikwama titatu totere, timene anatitcha Faith, Love and Hope, tinamupezetsa mphoto ya Gerard Sekoto pa mpikisano wa Absa L'Atelier, umodzi mwa mipikisano ikuluikulu ya achinyamata aluso ku South Africa. Mphotoyo inali ndi mwayi wokakhala miyezi ingapo ku Cité Internationale des Arts mumzinda wa Paris.

Dzina la mphotoyi nalonso lili ndi nkhani yofanana. Gerard Sekoto anali mphunzitsi wa kumudzi amene anasiya choko mu 1938 n'kupita ku Sophiatown ku Johannesburg kuti akakhale wojambula. Moyo wa m'komboni ndi umene unadzaza zithunzi zake, ndipo mu 1940 Johannesburg Art Gallery inagula chithunzi chake, koyamba kugula ntchito ya munthu wakuda. Mu 1947 anapita ku Paris, ndipo anamwalira ku France komweko mu 1993 osabwereranso kwawo. Mzinda umodzi womwewo unapatsa anthu awiriwa choti ajambule, mpikisano kapena ogula oti awaone, ndi khomo lotulukira kunja.

Kuchoka mumsewu kulowa m'khitchini

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Joni imene inamupatsa Billie nyumba zonyezimira ndi yomweyonso imene mkazi woyenda yekha amaimbiridwa likhweru, kutukwanidwa kapena kulandidwa chikwama. Pang'onopang'ono munthu anayamba kuoneka m'zithunzi zake, ndipo munthuyo anali iye mwini. Mu 2010 anasoka chithunzi chotchedwa The Rebirth of the Black Venus. Pachithunzipo mkazi wakuda, wamkulu kuposa nyumba zosanja, waima pamwamba pa mzinda wa Johannesburg. Amene kale ankayenda pansi akuyang'ana m'mwamba tsopano ndiye akuuyang'ana mzindawo kuchokera kumwamba.

Atabereka mwana wake wamwamuna, zithunzi zinasinthanso. Zinachoka mumsewu n'kulowa m'nyumba. Anayamba kusoka mayi atanyamula mwana m'khitchini, mayi akumuperekeza kusukulu, mayi atatopa atagona pampando, mwana akuphunzira kusambira. Chithunzi china cha mu 2014, Constant Gardener, chikumuonetsa ali m'dimba lake usiku, ndipo chinaonetsedwa ku National Museum of African Art mumzinda wa Washington. Mayi aliyense wa ku Thuchila amene amalawirira kudimba kusanache kuti ana apeze ndiwo akhoza kuchimva chithunzi chimenechi popanda womumasulira.

Billie amati ntchito zimene amayi amagwira tsiku ndi tsiku, zimene palibe amaziwerengera, ndi zimene zimayendetsa dziko, ndipo maganizo amenewa amawatcha daily feminism. Kusankha singano kukugwirizana ndi mfundoyi. Chida chimene anthu ankachiyesa cha amayi apakhomo ndi chimene chinamulowetsa m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera zaluso.

Mu 2018 anali mlendo wolemekezeka pa chionetsero cha FNB Joburg Art Fair. Mu 2020 anachititsa chionetsero chotchedwa Soldier of Love ku Galerie Templon ku Paris, ndipo anayamba kugwira ntchito ndi Lehmann Maupin, kampani yogulitsa zaluso ya ku New York. Mu 2021 Museum of the African Diaspora ku San Francisco inasonkhanitsa ntchito zake za zaka zambiri m'chionetsero chimodzi. Mu 2023 kampani ya Louis Vuitton inamupempha kuti akongoletse chikwama chake cha Capucines. Amene anayamba ndi tizikwama tosoka pamanja anabwereranso ku chikwama, koma ulendo uno chogulitsidwa m'masitolo odula kwambiri padziko lapansi.

Kodi kudinda kuja kunapita pachabe?

Kholo limene linalipira fizi likhoza kufunsa chonchi, ndipo lili ndi chifukwa. Koma taonani mmene Billie amagwirira ntchito. Amayamba ndi chithunzi cha kamera, n'kuchijambula papepala lalikulu. Kenako amachigawa m'zigawo: apa pali kuwala, apa mthunzi, apa khungu, apa malaya. Chigawo chilichonse amachidula pa silika wa mtundu wake, amachimata ndi mapini pamwamba pa chinzake, n'kusoka ndi manja. Nkhope imodzi ikhoza kukhala ndi tizidutswa tambirimbiri ta mitundu yoyandikana.

Mukukumbukira mfundo ija tinati muisunge? Uku ndi kuganiza kwa wodinda: mtundu uliwonse pawokha, wina pamwamba pa unzake, uliwonse pamalo pake ndendende. Mpeni wosemera lino unasanduka sizasi, inki inasanduka silika, koma diso ndi lomwe lija analiphunzitsa ku Grahamstown. Kusiyana kwake n'kwakuti wodinda amatulutsa zithunzi 20 kapena 50 zofanana, pomwe Billie amatulutsa chimodzi basi, ndipo ntchito yambiri ankaigwirira patebulo la m'khitchini kunyumba kwake.

Maphunziro aluso amayenda chonchi kawirikawiri. Mwana amene waphunzira kusema chidindo akhoza kudzakhala wokonza nsalu, wojambula mabuku a ana, wokonza zikwangwani pa kompyuta kapena telala wosiyana ndi anzake. Chida chimasintha malinga ndi kumene moyo wamufikitsa.

Chimene tauni imatenga

Nkhaniyi ili ndi mbali yake yowawa kwa ife Amalawi. Zithunzi za Billie zimapachikidwa ku America ndi ku Ulaya, ndipo mwana wa sukulu wa ku Mulanje akafuna kuziona ayenera kubwereka foni n'kugula bandulo ya intaneti. Olemba nkhani ambiri akunja amamutchula ngati waluso wa ku South Africa wobadwira ku Malawi. Sitingawatsutse kwenikweni, chifukwa mzinda umene unamulera pa luso ndi Johannesburg.

Si iye yekha. Samson Kambalu, amene anaphunzira ku Kamuzu Academy ndi ku Chancellor College, anakakhwimira ku England. Mu Seputembala 2022 chiboliboli chake chotchedwa Antelope, choonetsa John Chilembwe atavala chipewa pambali pa mmishonale John Chorley, chinaimikidwa pa Trafalgar Square pakati pa London. Chilembweyo kwawo ndi ku Mbombwe ku Chiradzulu, boma loyandikana ndi Mulanje, koma amene anachizungulira n'kuchiona ndi maso chibolibolicho ambiri ndi a ku London. Tauni ikamulera munthu, imatenganso zipatso zake.

Tisaiwalenso kuti Billie anafika ku Joni ali ndi digiri ndi chilankhulo. Achinyamata ambiri ochoka m'maboma a Mulanje, Thyolo ndi Mangochi amafika alibe chilichonse mwa izi. Amathera m'minda ya maluwa ya azungu, m'mashopu ndi m'malo omanga nyumba, ndipo luso lija limagona. Ena anakumana ndi ziwawa zothamangitsa alendo monga za mu 2008, zimene zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu oposa 60, ndi za mu 2015 pamene boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kukatenga nzika zake. Tauni payokha sipanga munthu kukhala waluso. Imakuza chimene munthu wabwera nacho, ngati wapeza anthu oyenera.

Nanga mwana wa ku Thuchila ayambire pati?

Ayambire pomwe alipo. Kudinda kwa pathabwa ndi kwa lino sikulira makina. Kachidutswa ka thabwa losalala kotsala kwa kalipentala, kampeni kakuthwa kapena msomali wosula, inki kapena penti wokhuthala, pepala, ndi supuni yakukhitchini yotikitira kumbuyo kwa pepalalo, basi chithunzi chatuluka. Ana aang'ono akhoza kuyamba ndi mbatata kapena chinangwa chodula pakati, monga mmene ena amachitira pa phunziro la Expressive Arts. Labala wa silipasi yakutha nayenso amasemeka bwino. Chimodzi chokha: thabwalo lisakhale la mkungudza wa m'phiri, mtengo umene watsala pang'ono kutheratu. Ndipo wamkulu akhale pafupi pamene mwana wagwira mpeni.

Amene mtima wake uli pa nsalu apite kwa telala wa pakhonde pamsika. Pansi pa makina ake pamakhala mulu wa tizidutswa ta zitenje timene madzulo timakatayidwa kudzala. Billie anayamba ndi totere.

Choti ajambule ndiye chosasowa. Phiri lokhala ndi nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, limasintha mtundu kangapo patsiku kuposa nyumba yagalasi iliyonse ya ku Joni. Pali mtsinje wa Thuchila nthawi ya dzinja ndi ya chilimwe, amayi opeta nandolo, akabaza pa siteji, othyola tiyi m'minda ya kufupi ndi boma, ndiponso zipsera zimene namondwe Freddy anasiya m'mapiri ndi m'mitima mu Malichi 2023. Amene anakulira pamalopo amaziona mosiyana ndi mlendo wongodutsa ndi kamera.

Komabe tisanamizane, nthawi imafika yoti mwana akaone tauni. Mwayi wake ndi wakuti Blantyre ili pafupi, munthu akhoza kupita m'mawa n'kubwerako madzulo. Ku Mandala House, nyumba yakale ya mu 1882, kuli La Caverna kumene amaonetsa ndi kugulitsa zithunzi za Amalawi. Ku Chichiri kuli nyumba yosungirako zinthu zakale. Kuli Jacaranda Cultural Centre kumene achinyamata aluso amakumana, ndiponso bungwe la PAMET limene limapanga mapepala pamanja kuchokera ku mapepala otha ntchito ndi makungwa a nthochi. M'misewu ya Limbe muli anyamata odinda matisheti amene mwana wakhama akhoza kuwapempha kuti aziwathandiza pa holide, n'kuphunzira sefa ndi inki. Amene wakhoza bwino MSCE akhoza kufunsira malo ku University of Malawi ku Zomba, kumene kuli gawo lophunzitsa zaluso. Ndipo ku Mua m'boma la Dedza, malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 aonetsa kale kuti amisiri akhoza kudya luso lawo ali kumudzi, ngati pali wowaphunzitsa ndi wowapezera msika.

Kwa makolo, ntchito yake si yaikulu monga mmene imaonekera. Musang'ambe kope lojambulamo kuti muyatsire moto. Mupatseni mwana katoni kapena chikwama choti azisungamo zithunzi zake, chilichonse alembepo tsiku, chifukwa aliyense amene adzafune kumuthandiza, kaya mphunzitsi, kaya wogula, adzayamba ndi mawu akuti “tione zimene wapanga.” Sukulu asasiye, poti masamu ndi Chingerezi ndi zimene zidzamuthandize kuika mtengo pa ntchito yake ndi kuwerenga pangano asanasaine. Tsiku lina mukamapita ku Limbe kukagula katundu, mutengeni, mukamuonetse kumene zithunzi zimapachikidwa ndi mitengo yake yolembedwa m'munsi.

Akadzakula n'kunena kuti akufuna kupita kutauni, mafunso oti mumufunse ndi atatu. Ukupita kwa ndani amene akudziwa ntchitoyi? Zida ukazipeza kuti? Nanga zikakasowa, m'manja mwako muli chiyani china chimene ungagwire? Billie Zangewa funso lachitatuli linamupeza ku Gaborone ali ndi zaka za m'ma 20, makina ali kutali, ndipo yankho lake linali singano imene anaionera kwa mayi ake.